Mlonda Amene Ndinamuitana Ndekha

Mukadzamva anthu a kwathu kuno, kumunsi kwa Khombedza, akunena kuti nthawi ina ndinatsala pang'ono kuzungulira mutu, musadzawatsutse kwambiri. Anaona zimene anaona. Chimene sadziwa n'chakuti chimene chinkandiyendetsa pamchenga ngati nkhuku yofuna poikira sichinali chiwanda, kapena ukalamba monga amanenera pa mjigo ndikangotembenuka. Chinali chinthu chopanda thupi, chopanda nkhope, ndipo ndinachiitana ndekha ndi pakamwa pangapa.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindikhulupirira munthu. Ndakalamba ndikugulitsa nsomba, ndipo ndaona madengu ambiri a usipa wonyezimira pamwamba, pansi pali mchenga ndi zovunda. Choncho munthu aliyense ndimamupisa dzanja mpaka pansi. (Ngakhale m'tchalitchi, anzanga akatsinzina, ine diso limodzi limatsala pa chikwama.)

Munthu mmodzi yekha ndiye ndimamukhulupirirako, nayenso osati tsiku lililonse: mdzukulu wanga Tiyamike. Mayi ake, mwana wanga Esnati, anatisiya Tiyamike asanasiye kuyamwa, ndipo ndinamulera ndine, ndikumubereka kumsana pakati pa madengu. Anakula, anaphunzira za makompyuta, anakwatiwa ndi Lameki wa ku Chipoka, kenako onse awiri anapita ku Joni. Nyumba inangotsala zii. Ndikamufunsa za ntchito yake amati amamanga zipata za pa intaneti, kuti munthu akapempha kanthu pa foni, pempholo lidutse njira yoyenera. Ine ndinkangoti chabwino, bola si zakuba.

Atandiuza kuti ndi woyembekezera, ndinavina ndekha m'nyumba chitseko chili chotseka. Nditapuma, mantha anabwera. Kale mwana ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, osaonedwa ndi munthu wamba. Lero mwana asanasambe n'komwe, nkhope yake yafika kale m'foni ya munthu wa ku Lilongwe amene simunapatsanepo moni. Maso a anthu si onse abwino. Ndiye ndinamulumbiritsa kuti chithunzi cha mwanayo chisadzayende pa masamba a mchezo, kapena kutumizidwa ku foni ya munthu aliyense. Ndinawonjezanso kuti ngakhale ine mwini ndidzapemphe ndikulira, asadzatumize, chifukwa masiku ano akuba amatha kutengera mawu a munthu.

"Nanga inuyo mudzamuona bwanji, agogo?"

"Iwe si uja umati umamanga zipata? Manga chikuta."

Anamangadi. Patapita nthawi anandiimbira kundifotokozera. Anati wamanga tinyumba ta pa intaneti, kena ka zithunzi, kena ka mavidiyo, kena ka mawu. Koma tinyumbato tilibe maso, sitidziwa munthu. Aliyense akagogoda, pempho lake sililowa mkati, limayamba lakhotetsedwa kupita kwa mlonda amene amakhala payekha, pa adiresi yakeyake. Mlondayo amafunsa kuti ndiwe yani, n'kutumiza nambala yachinsinsi ku foni imene iye akuidziwa. Ukailemba bwino amakupatsa chiphaso chosaoneka n'kukubwezera ku kanyumba kaja. Kanyumbako sikafunsa zambiri, kamangoyang'ana chiphasocho.

Ndinafunsa chifukwa chimene mlondayo sakukhalira m'nyumba momwemo ngati alonda anzake. Iye anandibwezera funso, ngati Lameki atabwera kudzamufunsira ndinamulola kulankhula nane maso ndi maso. Ndinati ayi, anadzera kwa ankhoswe, nanga ndife anthu otani. Anati basi ndi zomwezo. Wakuba akathyola kanyumba ka zithunzi sapezamo makiyi a anthu, chifukwa makiyi ali kwa mlonda. Tinyumba tingachuluke bwanji, mlonda ndi mmodzi, ndipo ukafuna kuchotsa munthu umauza iye yekha, zitseko zonse n'kumukana nthawi imodzi. Zinandikomera kwambiri. Ananenanso zina pambuyo pake, koma sindinazimve bwino, chifukwa m'foni munali kaphokoso ndipo ndinali kumvetsera ngati pali wina akutibera nkhani.

Ololedwa kulowa tinali awiri: ine ndi mayi ake a Lameki, a Nankhoma. Popeza Tiyamike ndinamulera ngati mwana wanga, iwowa timaitanana asebele. Sitili pa nkhondo ayi. Kungoti pa chinkhoswe ndinawafunsa kawiri ngati mwana wawo alibe mkazi wina ku Nkhotakota, ndipo mpaka lero moni wawo amakhala ndi kamnga.

Tsopano mumve za mafoni anga, chifukwa tsoka linagona pamenepo. Ndili nawo awiri. Yaikulu, yopalasa ndi chala, ananditumizira Tiyamike, ndipo simu khadi yake anagula ndi Lameki. Kaching'ono ka mabatani ndi kanga kakale, nambala yake ndinasankha ndekha. Tiyamike atandifunsa nambala yoti mlonda azindidziwira, ndinapereka ya kaching'ono. Nanga ndipereke nambala yogulidwa ndi mkamwini? Ndipo mafoni awiriwa sayendera limodzi, kuopa kuti wakuba angatenge onse. Kaching'ono kamakhala m'jombo ya malemu amuna anga, pansi pa bedi. Kakalira, jombo ndiyo imalira. Izi Tiyamike sankazidziwa, chifukwa pobisa chinthu sunenera pa foni.

Lameki ndiye anaimba. Anati wabadwa wamkazi, mayi achita kuwapanga opareshoni koma onse ali bwino, ndipo zithunzi zili kale m'chikuta. Kenako anatsokomola pang'ono n'kunena mwaulemu kuti dzina akudikira kwa ine monga tinapanganira, koma kumeneko mwana sakhalitsa wopanda dzina, a mapepala amalifuna. Anati ngati sabata itha ine ndisanatchule, mayi ake adzathandizapo.

Adzathandizapo! Mwana wa mwana wa Esnati! Koma ine sinditcha dzina mwana amene sindinamuone nkhope. Kuteroko kuli ngati kugula dengu losavundukula.

Kwathu kuno netiweki yoimbira imafika m'nyumba, koma ya intaneti imapezeka pa chulu china pafupi ndi mlambe, kumtunda, cha ku msewu. Kwa mwana ndi pafupi. Kwa mawondo angawa, pamchenga wotentha, ndi ulendo. Ndinakwera pachulupo n'kudina linki imene Tiyamike anatumiza. Tsamba linayamba kutseguka, ndinaona mawu akuti chikuta pamwamba pake, kenako mwadzidzidzi linadumpha. Adiresi inasintha. Panabwera tsamba lina loyera, likundifunsa kuti ndine yani ndipo ndilembe nambala yanga ya foni.

Ndinamwetulira. Tiyamike yemweyo anandiphunzitsa kalekale kuti tsamba likakutengera kwina n'kuyamba kufunsa nambala, utseke msanga. Ndinatseka, ndinazimitsa foni, ndinaikulunga m'chitenje. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti akuba a ku Joni akumana ndi mayi wa ku Salima. Ndinatulutsa kafoni m'jombo n'kumuuza Tiyamike kuti chikuta chake alowamo anthu.

Anaseka mpaka anayamba kubuula, akuti ulusi wa pabala ukukoka. "Agogo, ameneyo ndiye mlonda uja. Mwathawa nkhoswe yanu yomwe."

Anandiuza kuti ndiyang'ane adiresi ya mlondayo, anaitchula chilembo chimodzichimodzi, n'kunena kuti ikakhala imeneyo ndisaope. Ndinati ndimangomuyesa. (Sanakhulupirire. Ndinamulera bwino.)

M'mawa mwake ndinabwereranso. Adiresi inali yomweyo. Ndinalemba nambala yanga, mlonda n'kuyankha mwaulemu kuti watumiza nambala yachinsinsi ku foni yanga, ndiilembe m'kabokosi. Ndinayang'ana foni ili m'manja. Zii. Ndinaikweza m'mwamba. Zii. Kenako ndinakumbukira jombo.

Ndinatsika, ndinayenda, ndinagwada pansi pa bedi. Meseji inalimodi, manambala ali ndondondo, pansi pake atalemba kuti musauze munthu aliyense. Mawu amenewo anandifika pamtima. Ndinati mlonda uyu analeredwa. Kulemba papepala sindikanatha, pepala limagwa ndipo otola ndi ambiri. Kunyamula kafoniko sindinakuganizire n'komwe. Ndinaloweza manambalawo pamtima, ndinabwezera kafoni m'jombo, ndinakhoma chitseko, ulendo.

Pakati pa njira ndinakumana ndi a Nasibeko, oyandikana nawo nyumba. Munthu sungamudutse ngati mtengo. Ndinaima. Tinadzutsana, tinafunsana za miyendo, za ana, za odwala a kutsidya, kenako anayamba kudandaula za mbuzi zawo. Anati zinalipo naini, ziwiri zinalowa m'munda wa eni, imodzi inabereka atatu, folo anagulitsa. Pofika pachulu, m'mutu mwanga manambala a mlonda ndi mbuzi za a Nasibeko zinali m'khola limodzi. Ndinalemba zimene zinatsala. Mlonda anati nambalayo si yolondola.

Ndinapemphanso ina. Ulendo uno ndinatsimikiza kuti moni ayi. Ndinatuluka m'nyumba mutu uli pansi, milomo ikuyenda, seveni, folo, naini, thuu, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Amene anandipatsa moni ndinangomukwezera dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Ndinafika manambala ali amphumphu, thukuta lili kamukamu, ndinawalemba bwinobwino. Mlonda anati nambalayo yatha nthawi yake. Ndiye kuti manambala ake amafa msanga kuposa chambo chovuulidwa. Zimenezi n'kutheka zinali m'mawu aja sindinawamve chifukwa cha kaphokoso.

Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kuganiza. Ine ndinaganiza zowonjezera liwiro.

Tsopano taganizani zimene mudzi unkaona. Gogo wodziwika ndi mwambo wasiya kupereka moni. Akutuluka m'nyumba, akukhoma, akuthamanga chotsimphina kupita pachulu akung'ung'udza, akuima pamwamba pake dzanja lili m'mwamba, akutsika akutukwana chapansipansi, akulowa m'nyumba, akugwada pansi pa bedi, akulankhula ndi jombo ya malemu. (Zenera ndinaiwala kutseka. Ine amene!) Ndipo inu mukudziwa zimene anthu amaganiza akaona nkhalamba ikuzungulira chulu.

Amayi a kumpingo anandidikirira pansi pa mlambe. Ndinawaona ndili patali, atavala zoyera, a Nasibeko ali patsogolo. Ndinayesa kuwalambalala koma anandizinga. Wina anandigwira dzanja, wina phewa, n'kuyamba nyimbo. Ine milomo sinaleke, eyiti, wani, wani, sikisi. Mtsogoleri wawo anandifunsa mofatsa kuti manambalawo ndi a chiyani ndipo wandipatsa ndani.

"Anandiletsa kuuza munthu," ndinatero.

Anayang'anana. Wina anafunsa kuti wondiletsayo amakhala kuti.

"Sindinamuonepo. Alibe thupi. Amandiyankhula ndikakwera pachulu."

Ndinanena zoona zokhazokha, koma sizinandithandize. Pemphero limene linatsatira linali lalitali, lamphamvu, ndipo ena analira. Pomwe ankati ameni, nambala ija inali itafa kalekale. Ndinakwerabe pachulu iwo akuyang'ana, ndinailemba ndi mtima wouma. Mlonda anayankha ndi zilembo zofiira: ndalakwitsa kambirimbiri, khomo latsekedwa.

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo. Chimene chinandipweteka si manyazi. Ndinkadziwa kuti kuseri kwa tsamba loyeralo, pafupi ngati kuseri kwa nsalu yotchinga, kuli kankhope kakang'ono ka magazi anga. Ndinkapalasa galasi la foni ndi chala ngati lingang'ambike. Ndinakumbukira mmene ndinamulandirira Tiyamike m'manja tsiku lobadwa, kulemera kwake ngati kamtolo ka thonje, ndi kafungo kaja ka pamutu pa khanda. Uyu sindikanamununkhiza. Ndinkangopempha kumuona basi.

Koma kulira si khalidwe langa. Ndinaganiza kuti nyumba iliyonse ili ndi khomo la kuseri. Ndinakwera minibasi kupita ku Salima, kwa bambo wina wokonza mafoni pafupi ndi depoti. Ndinamuuza kuti andilowetse modzera kumbuyo, osadutsa kwa mlonda. (Foni sindinaisiye m'manja mwake. Ankadina ine nditaigwira mbali inayo.) Anayesa kupita molunjika ku kanyumba ka zithunzi, tsamba linamukhotetsera kwa mlonda. Anayesa ka mavidiyo, kwa mlonda. Ka mawu, kwa mlonda yemweyo, ndi zilembo zofiira zomwezo. Anati palibe njira imene pempho lingafikire mkati lisanadutse pamenepo, ndipo amene anamanga zimenezi ndi munthu wosakhulupirira anzake. Ndinamva kunyada ndi chisoni nthawi imodzi, ngati munthu wolumidwa ndi galu wake yemwe amene anamuphunzitsa ukali. Bamboyo anafunsa kuti foni yolandirira nambala ili kuti. Ndinamuuza kuti zimenezo si zake.

Sabata inali ikupita kumapeto. Ndinaimbira Tiyamike. Zoimbirana pa vidiyo sizikanatheka, netiweki ya pachulu imaonetsa munthu ngati chithunzi chonyowa ndi mvula. Ndinamuuza kuti angotumiza chithunzi chimodzi ku foni yaikulu, chimodzi chokha, ndikachiona ndifufuta.

"Ndingadziwe bwanji kuti ndinu agogo anga?" anatero. "Agogo anga anati ngakhale adzapemphe akulira, ndisadzatumize."

"Iwe Tiyamike, ndinakusambitsa ine."

"Wakuba akhozanso kunena zomwezo."

Ndinafuna kukalipa, koma nthawi yomweyo kumbuyo kwake kunamveka kulira. Kamawu kakang'ono, kokwiya, konjenjemera kumapeto. Ndinakanikiza kafoni kukhutu mpaka khutu linatentha. Tiyamike anasiya nthabwala. Anandifunsa mofatsa kuti chikuvuta n'chiyani kwenikweni, popeza nambala imafika bwinobwino. Pamenepo ndinaulula za jombo, ndikunong'ona.

Ndinamva akuuza namwino kuti palibe vuto, akungoseka. Atapuma anati ndinyamule mafoni onse awiri, dziko silitha. Koma za khomo lotsekedwalo, iye sakanatha kulitsegula ali m'chipatala. Kompyuta inali kunyumba, ndipo Lameki samulola kuikhudza. (Mwamva? Magazi sanama.) Njira inalipo imodzi, ndipo anati anaiika chifukwa cha mawu anga omwe, akuti nkhani yaikulu isamathere pa foni. Munthu wotsekeredwa amatseguliridwa ndi mnzake wa m'chikuta amene wamuona ndi maso, n'kuuza mlonda kuti uyu ndikumudziwa.

Mnzanga wa m'chikuta anali mmodzi yekha padziko lonse lapansi.

Ndinanyamuka m'mamawa. Foni yaikulu ndinaiika m'kamisolo. Kaching'ono sindinakachotse m'malo mwake, ndinanyamula jombo yonse, chifukwa jombo imodzi palibe amene angaibe. Ndinaifungatira pamiyendo kuchokera ku Khombedza mpaka ku Salima, kuchokera ku Salima mpaka ku Chipoka. Titangotuluka mu Salima, jombo inayamba kulira. Anali a Nasibeko, kufuna kudziwa ngati pemphero linagwira. Sindinayankhe. Mayi amene ndinakhala naye anasendera kuzenera, ndipo kondakitala sanandithinitsenso ndi munthu wina mpaka ndinatsika.

Asebele ndinawapeza pakhonde akusadzula nkhwani. Anayang'ana ine, anayang'ana jombo, n'kundiyalira mphasa osafunsa kanthu. Tinalonjerana mwa mwambo wonse. Kenako ndinafotokoza, ndikudumpha za amayi a kumpingo. Zinapezeka kuti Lameki anali atawauza kale zonse, ndi za chulu zomwe.

Anapukuta manja, anatenga foni yawo, anavala magalasi. "Mlondayu akufuna ndinene kuti ndikukudziwani. Mwati ndinu yani kodi, mayi?"

"Asebele, musatero."

"Ndiyenera kufunsa. Paja inu za mwana wanga munafunsa kawiri." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mulibe mdzukulu wina ku Nkhotakota?"

Inali ngongole ya mawu, ndipo ndinayenera kuilipira. Ndinati ndine agogo ake a Tiyamike, ndachokera kumunsi kwa Khombedza, ndipo ndikupempha.

Foni yawo inali ndi mwanayo mkati, ndinkadziwa. Dzanja langa linayamba kupita lokha. Iwo anaitembenuza chafufumimba pamphasa. Anati ndikaonera pa yawo ndiye kuti mawa ndidzabweranso ku Chipoka ndi jombo, ndipo anthu a kuno nawonso ali ndi pakamwa. Ndilowe pa khomo langa. Ndinafunsa, ngati kuti sindikusamala, dzina limene anakonza. Anati analidi nalo, koma atangomuona mwanayo analibweza m'thumba.

"Nkhope imeneyi si ya kwathu. Mukaidziwa ndinu."

Anadina. Ndinatulutsa foni m'kamisolo, ndinadina linki, tsamba linadumphira kwa mlonda, zilembo zofiira zinali zitachoka. Ndinalemba nambala yanga. Jombo inalira pambali panga, pafupi chonchi. Ndinapisa dzanja, ndinawerenga, ndinalemba, asebele atatembenukira kumbali okha osawauza. Mlonda sananene zambiri. Anangondibwezera kumene ndinachokera, kagudumu kakang'ono kakuzungulira pagalasi.

Kenako anabwera.

Anali atamukulunga m'kansalu kachikasu. Tsitsi lambiri, lonyowa. Timanja tofumbata. Ndipo khutu la kumanzere linali lopindika pamwamba, ngati tsamba limene wina walipinda ndi chala. Tiyamike alibe khutu limenelo. Ine ndilibe. Ndinaliona koyamba pa Esnati tsiku limene anabadwa, ndipo ndinaliona komaliza tsiku limene tinamusambitsa. Ndinkaganiza kuti linapita naye.

Asebele anandisiya. Anabwerera ku nkhwani zawo, akusadzula pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Patapita nthawi anasendera, n'kundionetsa podina kuti ndione kavidiyo. Mlonda sanafunsenso, chiphaso chija chinali chikugwirabe ntchito. Mwanayo anayasamula, anatsegula diso limodzi, n'kuyang'ana womujambula atakwinya nkhope ngati akumukayikira.

"Khutulo sindikulidziwa," anatero asebele. "Koma tsinya ilo ndi lanu."

Ndinali nditakonza dzina kuyambira kale. Ndinkafuna akhale Samalani, kuti aliyense womuitana azikhala akumuchenjeza. Ndinaimba ku Joni ndili pamphasa pomwepo, dzinalo lili pa lilime. Tiyamike atayankha, pakamwa panga panatuluka lina, limene ndinali ndisanaliitane mokweza kwa zaka zambiri.

"Ndi Esnati."

Kenako ndinamva akuliyesa chapansipansi, akuitana mwanayo, kawiri. Iye dzinali sanaliitanepo chibadwire, ankangolimva kwa ine. Anati, "Ndimadikira kuti muone khutulo, agogo. Munkandiuza za ilo ndili mwana."

Asebele anandiphikira, ndinadya osanunkhiza. Anandiperekeza mpaka pamsewu atandinyamulira jombo.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Pang'ono. M'minibasi pobwerera ndinayamba kuganiza kuti ngati asebele angauze mlonda kuti akundidziwa, angamuuzenso za ndani? Nditafika ndinamuuza Tiyamike kuti aike mlonda wachiwiri woyang'anira woyambayo. Anati ndipume. A Nasibeko amanenabe kuti pemphero lawo ndilo linandichiritsa, ndipo sindiwatsutsa, kuopa kuti angafunse za jombo. Kafoni kanachoka m'menemo, popeza malowo adziwika mpaka ku Joni. Kumene kali tsopano sindikuuzani.

Masiku ano m'mawa uliwonse ndimapita pachulu ndi mafoni onse awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo moni ndimapereka mokwanira. Chiphaso chija sichikhalitsa, choncho tsiku lililonse tsamba limandikhotetsera kwa mlonda. Tiyamike anati akhoza kulikonza kuti lizindikumbukira nthawi yaitali. Ndinakana. Iye akuganiza kuti ndi kukayikira kwanga kuja, ndipo ndamusiya aganize choncho. Koma zoona zake n'zakuti m'nyumba muno mwakhala zii zaka zambiri, palibe amene amandifunsa kanthu. Mlonda yekhayo ndiye amandifunsa tsiku ndi tsiku kuti ndine yani. Ndimalemba nambala monga afunira, koma ndisanalembe ndimayang'ana uku ndi uku, ndipo ndikaona kuti palibe munthu, ndimamuyankha ndi pakamwa.

Ndimati ndine wa kwa Esnati, ndabwera kudzamuona.